A Makwinja ndi Mpira Wopita ku Joni

Lachisanu lapitali panakwana chaka chitisiyireni a Makwinja, ndipo sabata yonseyi sindikukhazikika. Ndikakhala pansi ndimadzuka, ndikadzuka ndimaiwala chimene ndadzukira. Anzanga kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito akuti ndi kutopa kwa mashifiti. Si kutopa ayi. Ndi mkulu uja, amene ali moyo sankakhala pansi ndipo sankalola wina kukhala pansi. Zikuoneka kuti khalidwe limenelo sanapite nalo kumanda, anandisiyira ine.

Ndinene poyambirira kuti ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Ena munthu akamwalira amasanduka abwenzi ake a ponda apa nane ndipondepo, koma ine bodza limenelo sindilitha. Ndine ndinatsogolera makolo pamene tinkawachotsa pa ukochi, ndipo ndi bwino ndinene ndekha wina asanandinenere.

Ankaphunzitsa ana athu besibo, Loweruka lililonse la chilimwe, pakona ina ya paki ku Spinney Hill, kuno kudziko la azungu. Kwa amene simunawaonepo masewerawa: wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi asanamutsekereze. Akaphonya katatu, watuluka. Kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta wina wovala chigoba kumaso, ntchito yake kuwakha mpira wophonyedwa. Zina zonse ndi mikangano, ndipo mbali imeneyo a Makwinja anali katswiri.

Anabadwira ku Dedza koma anakulira ku migodi ya ku Zambia, kumene bambo awo anatchona. Kumeneko ndi kumene anadziwira masewerawa. Amene anawaphunzitsa ankasintha malinga ndi tsiku: lero wansembe wa ku Amereka, sabata yamawa mphunzitsi wa ku Japani, tsiku lina kapitawo wa pamgodi wopanda zala ziwiri. Ukawakumbutsa kuti paja munati wansembe, ankakuyang'ana ngati wawapondera chimanga, n'kukufunsa ngati unalipo. Kuno anabwera motsatira akazi awo, omwe anali namwino. Anayendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, m'nyumba zosungira katundu ku Corby mpaka msana unakana, akazi awo anatsogola, iwo n'kukakhala ndi mwana wawo wamkazi ku Wigston. Kuchokera kumeneko ankakwera mabasi awiri, chidebe cha mipira kudzanja lamanja, zibonga zitakulungidwa m'chitenje cha malemu akazi awo kuti dalaivala asaganize kuti akupita kukaswa munthu mutu.

Chidebe chimenecho chinali choyera, cha penti, chokhala ndi chivundikiro. Makochi ena amakhalira zidebe zotere. Iwo kwa zaka zisanu ndi ziwiri sindinawaone atachikhalira. Ankayenda uku ndi uko m'mbali mwa bwalo, kuvula chipewa, kuchivalanso, kutola kachitsotso, kukathyola, kutola kena. Udzu wa mbali imeneyo unafa, panatsala kanjira kakekake.

Koma chimene anthu amawakumbukira nacho ndi pakamwa. Masewerawa ali ndi mawu awo a Chingerezi ambirimbiri, ndipo a Makwinja ankawadziwa onse, kungoti ankawakana. Ankati mawu obwereka ali ngati nsapato zobwereka, suthamanga nazo. Ndiye anapanga awo. Mpira woponyedwa mwamphamvu unali tsabola. Woponyedwa mwachinyengo, dzanja likuthamanga koma mpira ukubwera pang'onopang'ono, unali bilimankhwe. Wokhota m'njira ankati wa kachasu. Mwana akangogunda mpira pang'ono kuti ugwe pafupi, kumeneko kunali kuchita odi, chifukwa mlendo waulemu saswa chitseko. Kuthamangira ngodya yotsatira woponya asanazindikire kunali kuzemba apongozi. Ngodya zonse zikakhala ndi anthu ankakuwa kuti minibasi yadzaza, wina atsike. Wogwetsa mpira wosavuta anali wa manja a therere, ndipo wophonya katatu ankati wakanidwa, apite akasambe adzafunsirenso. Mpira ukamenyedwa n'kudutsa mpanda wa maluwa kumapeto kwa bwalo, ankavula chipewa n'kulengeza kuti umenewo wapita ku Joni, tisaudikire, mwina udzatumiza bulangete.

Matimu ena salankhula. Kochi amagwira mphuno, khutu, lamba, chipewa, ndipo ana amadziwa tanthauzo lake pamene adani sakudziwa. A Makwinja ankati kumeneko ndi kukanda mphere pagulu. Ife tili ndi chinenero chimene m'chigawo chonse chino palibe kochi amachimva, ndiye tizidzikanda chifukwa chiyani? Ankangokuwa poyera, mawu onse, makochi achizungu n'kumayang'anizana. Zinkatheka ndithu. Ngakhale ana a anzathu a ku Somalia ndi a ku Poland amene analowa timu yathu anawadziwa mawuwo. Ndinamvapo mtsikana wovala mpango wachisilamu akunena mchimwene wake kuti manja a therere, m'sitolo ya nyama, anthu ali pamzere.

Zaka ziwiri zomaliza za moyo wawo ankabwerabe kupaki. Mabasi omwewo, chidebe chomwecho, koma chopanda mipira. Ankachiika patali, pafupi ndi mpanda wachitsulo, n'kuchikhalira. Manja pamaondo, pakamwa potseka, mwendo umodzi wokha ukunjenjemera ngati wa telala. Ndinkadutsa njira ina kuti ndisawapatse moni. Koma apa ndadumpha, ndibwerere.

Lamulo lililonse limene ankakuwa linkathera ndi funso limodzi: wamva? Tsabola, wamva? Zemba apongozi, wamva? Ana athu ankamva, ndipo ankachita zimene auzidwa. Koma yankho linali lomwelomwelo, la Chingerezi, kapena kungogwedeza mutu. Mwana wanga Tadala, yemwe anali woponya wa timuyo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, sanawayankhepo ndi liwu limodzi la Chichewa. A Makwinja anayesa maswiti, anayesa kuopseza, anayesa kunamizira kugontha. Tsiku lina anaimitsa masewera kwa theka la ola kuti afotokozere ana chifukwa chimene mkamwini amapatukira kutchire akaona apongozi ake panjira, makolo tikuzizidwa, ena tikuyenera kukalowa shifiti ya masana. Ana anaseka, anafunsa mafunso ambiri, onse m'Chingerezi.

Mkangano wathu waukulu woyamba unachokera pamenepo. Anandimva ndikumulankhula Tadala Chingerezi pomupatsa madzi, ndiye anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndikumudyetsa mwana ndi supuni ya eni, tsiku lina eni adzaifuna. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti Chichewa sichidzamulembera mayeso, komanso kuti iwo mwana wawo analerera kumudzi, sadziwa kulera mwana amene aphunzitsi amakuitana kusukulu kuti sakulankhula bwino. Anandiyang'ana, n'kunena kuti ndili ndi mkono wabwino, ndikanakhala woponya tsabola. Mpaka lero sindidziwa ngati kunali kundiyamikira.

Sanakangane ndi ine ndekha. Anakangana ndi azibambo osewera kiriketi m'paki momwemo za malire a bwalo, mpaka anagwirizana kuti malire ndi mtengo wina umene unadzadulidwa, mkangano n'kuyambiranso. Anakangana ndi mkulu wa mpingo wathu amene ankati ana akuthawa kwaya. Oyimbira masewera onse ankawadziwa, ndipo mmodzi anafika powapempha kuti akamamunyoza azimasulirako, kuti naye aziseka.

Ana atafika zaka khumi ndi zisanu, zinthu zinasintha. Matimu ena anali ndi makochi a mapepala, makina oponya mipira, mayunifolomu ofanana. Ife tinali ndi chidebe. Tinkapambana apa, kugonja apo, ndipo makolo tinayamba kung'ung'udza kuti ana ena atha kupita patali ndi masewerawa atapeza munthu wodziwa zamakono. Munthuyo analipo, bambo wina wachizungu wofatsa, wokonzeka kuyamba. Tinakumana pabalaza panga. Ndinalankhula ndine, a Makwinja ataima pawindo chifukwa mpando anaukana. Tinagwirizana kuti masewera omaliza a chaka chimenecho, olimbana ndi timu ya ku Corby, ndiwo agamule. Tikapambana tikwera gulu lapamwamba ndipo iwo apitiriza. Tikagonja atula pansi udindo. Anangoti zili bwino, n'kufunsa ngati tiyi watha.

Tsikulo kunali kamphepo kosasangalatsa, kotembenuza maambulera. A ku Corby anafika pa minibasi yawo, ndipo tinawayang'ana monga tinkachitira nthawi zonse, kufufuza nkhope yakwathu. Munalibe. Wowakha wawo anali mtsikana woyera khungu, wa tsitsi lopotana lofiirira, kumsana kwa malaya ake kutalembedwa dzina la Chisikotishi. Tinati tili tokha.

Chigawo chachiwiri cha masewerawo, mnyamata wathu wothamanga kwambiri ali pangodya yoyamba, a Makwinja anakuwa kuti azembe apongozi. Mnyamata asanaponde kachitatu, mtsikana wa chigoba uja anali ataimirira kale, mpira uli m'manja, n'kuuponya molunjika. Anamutulutsa ngati mwana wogwidwa ndi dzanja m'shuga. Tinati mwayi. Chigawo chotsatira anakuwa za odi, ndipo mtsikanayo ananong'oneza anzake, onse n'kusendera pafupi kudikira kampira kakugwa pafupiko. 

Kenako inafika nthawi yake yomenya. Anavula chigoba, anatenga chibonga, anaima. A Makwinja anafuulira Tadala:

"Tsabola! Wamva?"

Tadala anagwedeza mutu monga mwa masiku onse. Koma mtsikana wa chibonga uja anatembenuka, akumwetulira mwamanyazi, n'kunena momveka bwino:

"Ndamva, agogo."

Aka kanali koyamba kuwaona a Makwinja ataima chilili osagwedeza chiwalo. Kachitsotso kanagwa m'manja. Anayenda kulowa m'bwalo, woyimbira akuwaletsa, n'kumufunsa mwanayo kuti ndi mwana wa yani. Anayankha m'Chinyanja chopindikapindika kuti dzina lake ndi Madalo, amayi ake ndi a ku Chipata, ali kuntchito, abambo ake ndi a konkuno. Woyimbira anawabweza ndi chenjezo. Anabwerera chammbuyo, osachotsa maso pa iye.

Kuchokera pamenepo aliyense anadziwa kuti chinsinsi chathu chaphulika. Makolo tinawapempha kuti asiye kukuwa, agwiritse ntchito zala ngati anzawo. Sanatimve n'komwe. Anapitiriza kukuwa, mwinanso mokweza kuposa kale, ndipo ndinaona kuti akamakuwa maso awo sali pa ana athu, ali pa Madalo, kuona ngati wamva. Komabe ana athu analimba. Pofika chigawo chomaliza tinali patsogolo ndi chigoli chimodzi. Awiri a ku Corby anali atatuluka, kutsala mmodzi kuti tipambane. Minibasi inali yodzaza. Ndipo wobwera ndi chibonga anali Madalo.

Ndinathamanga. Sindithamanga kawirikawiri, koma tsiku limenelo ndinathamanga, n'kuwagwira a Makwinja mkono wa jekete. Nzeru ndinali nayo, ndipo mpaka pano ndimati inali nzeru yopambanitsa masewera. Ndinawauza kuti apemphe kaye kamphindi, ndikamunong'oneze Tadala kuti kuyambira pano akamva tsabola aziponya bilimankhwe, akamva bilimankhwe aziponya tsabola. Mtsikanayo akhulupirira zimene wamva, aphonya katatu, tipita kwathu tikuimba.

"Ankolo, ndi ntchito yanu imene ili pamenepa," ndinatero. "Mukaluza lero basi, mwafinisha. Mukudziwa zimenezo."

Anachotsa dzanja langa pajekete pang'onopang'ono.

"Make Tadala, zaka seveni ndakhala ndikuitana pabwalo pano. Lero wandiyankha mmodzi. Manje inu mukuti chinenero cha amake, tsiku loyamba kuchilankhula pagulu, ndichisandutse msampha? Mwana ameneyu sadzachikhulupiriranso."

Ndinati nanga wanga, Tadala, amene wakhala nanu kuyambira ali wamng'ono? Anayankha kuti ngati Tadala ndi woponya weniweni, amukane mnzakeyo akudziwa chimene chikubwera. Atatero anapita pakanjira kawo kaja, anakweza mawu kuti paki yonse imve:

"Wa kachasu! Mwamva nonse awiri?"

Tadala anaponya, mpira unadzandira, Madalo anaphonya. A Makwinja anakuwa tsabola. Tadala anaponya tsabola amene sindinamuonepo, ndipo Madalo anamenya mphepo. Kawiri. Makolo tinali titagwirana manja, ine ndikupemphera m'zinenero zonse ziwiri. A Makwinja anavula chipewa, anachivalanso, n'kukuwa bilimankhwe. Ndinaona mtsikanayo akumasula mapewa. Anadikira, anadikirabe, mpira ukubwera mwaulesi, kenako anaumenya. Phokoso lake ndimalimvabe. Unakwera, unadutsa mpanda wa maluwa, unakagwera kumene sitinauonenso.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa si kugonjako. Ndi chakuti mkulu uja anaponya chipewa m'mwamba n'kulengeza ndi chimwemwe chonse kuti wapita ku Joni, ngati wamenya ndi mwana wathu. Tadala anaponya gulovu pansi n'kuyamba kulira pakati pa bwalo.

Zimene ndinawauza poimika magalimoto sindingazilembe zonse. Ndinati agulitsa ana athu chifukwa cha mawu awiri a mwana wa eni. Ndinati ndi nkhalamba yodzikonda imene ikufuna kumudzi kuibwerere kuno.  Anamasula chitenje, anapereka zibonga kwa bambo wina, anakhuthula mipira m'buti ya galimoto yanga, n'kunyamula chidebe chopanda kanthu kupita kokwerera basi. Palibe anawapatsa lifiti, ndipo ine ndinali ndi malo awiri.

Kochi watsopano anayamba chaka chotsatira. Ndi munthu wabwino, sindingamunenere choipa. A Makwinja atayamba kubwera kudzakhala kumpanda kuja, iye anapita kukawapempha kuti azithandiza. Anakana mwaulemu, akuti pangano ndi pangano. Tadala anatha chilimwe chonse osawayang'ana. Chilimwe chachiwiri ankawakwezera dzanja patali, iwo n'kukweza chipewa. Ine ndinkati ndidzapita Loweruka lamawa, ndikapeza mawu oyenera. A Makwinja anagwa m'bafa chakumapeto kwa chilimwe chomwecho, anagona m'chipatala masiku anayi, ndipo ndinamva uthenga pa foni ndili kuntchito.

Pamaliro, m'nyumba ya mwana wawo ku Wigston, tinadzaza mpaka pamasitepe. Chakumasana kunalowa mayi wina amene sitinkamudziwa, pambuyo pake mtsikana wamtali woyera khungu atamanga chitenje. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anagwada, anapatsa moni azimayi onse mmodzimmodzi, n'kupepesa maliro m'Chinyanja chosapindikanso. Amayi ake anatiuza kuti mwanayu kale ankachita manyazi, chinenerocho ankangochimvera kukhitchini, ndipo akamulankhula pamaso pa anzake ankayang'ana kumbali. Tsiku la masewera aja anafika kunyumba akufunsa kuti apongozi ndi ndani ndipo amawazemberanji. Kuyambira pamenepo sanasiye kufunsa. Pano Lamlungu lililonse amaimbira agogo ake ku Chipata, amacheza okha popanda womasulira. Mayiyo anati anabwera kudzathokoza, kungoti wachedwa.

Pobwerera, titadutsa maloboti atatu, Tadala anandifunsa, m'Chingerezi, chifukwa chimene iye sanawayankhepo ankolo ngakhale kamodzi, pamene mawuwo ankawadziwa. Ndinati sindikudziwa. Ndinanama. Ndikudziwa bwinobwino amene anamuphunzitsa kuti chinenero chimenecho ndi chongomvera, osati choyankhira, ndipo munthuyo ndi amene ankayendetsa galimotoyo. Zimandiwawa, ndipo sindikuona kuti zidzasiya.

Dzulo, Loweruka, ndinapita kupaki ngakhale Tadala anakula, sasewera nawonso. Timu ikuchita bwino, inakwera gulu lapamwamba lija. Ana ali ndi mayunifolomu ofanana. Kochi amagwira mphuno, khutu ndi lamba, ana n'kumachita zoyenera, bwalo lili zii ngati m'chipinda cha mayeso. Kanjira kaja kanamera udzu, sungadziwe kuti panali kuyenda munthu. Kumpanda wachitsulo kokha ndi kumene kwatsala chizindikiro, kabwalo kozungulira kamene chidebe chinasiya, udzu wake wofupikirapo kuposa wina. Ndinaima pambali pake, osapondapo.

Chakumapeto, kamtsikana kena kakang'ono, mdzukulu wa mnzanga wa ku Ntcheu, kanaumenya mpira ndi mphamvu zake zonse. Unakwera, unadutsa mpanda wa maluwa. Makolo akale onse, ndi ana akuluakulu omwe, tinatembenukira kumpanda wachitsulo nthawi imodzi, ngati wina watiitana. Tinadikira. Anthu anaomba m'manja, kochi anatuma awiri kukaufuna mpirawo, anabwerako chimanjamanja, ndipo panalibe wotiuza kumene wapita.